Penti Yofiira pa Khoma la a Maness

Ku Phalula ndi ku Liwonde, anthu ogula ndi kugulitsa malo amawadziwa a Maness ndi dzina loti Mayi Febuluwale. Dzinali linabwera chifukwa mayiwa sagula puloti m'chilimwe, ngakhale mutawagwadira. Mukawaonetsa malo mu Okutobala, nthaka itauma gwa, dambo likuoneka ngati bwalo la mpira, amangopukusa mutu n'kunena kuti adzabwera mvula ikakhwima. Ndipo amabweradi, atavula nsapato, chitenje atachikwinyira m'mawondo, kudzaona kumene madzi amagona. Akachoka pamenepo sapita kwa wogulitsa. Amalunjika pa mjigo kukathandiza amayi kupopa madzi, n'kumafunsa mocheza kuti munda uwo unali wa agogo ake a ndani.

Ena amati ndi nzeru zobadwa nazo. Bodza limenelo. A Maness nzeruzi anachita kuzigula, ndipo analipira nyumba yathunthu.

Anabadwira kwa Kawinga, m'banja la Chikatolika limene makolo ake anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki. Sukulu anailekera sitandade sikisi. Anakwatiwa ndi a Pitala, bambo wosayankhulayankhula, wa zikhatho ngati makasu, amene ankagwira ntchito yokonza njanji ku Liwonde. Awiriwa anagula kapuloti pafupi ndi mphambano ya msewu wa ku Ntaja, nthawi imeneyo pali tchire ndi mbuzi zokhazokha. Loweruka lililonse a Pitala ankaumba njerwa, a Maness akutunga madzi mpaka khosi kuuma. Zinawatengera zaka zisanu ndi chimodzi kuti amalize mdadada wa zipinda zinayi. Zitatu anaika anthu a lendi, cha kumapeto n'kumakhalamo iwo ndi mwana wawo mmodzi, Luckness.

Tsiku lothira simenti pakhonde, a Pitala anachita chinthu chimene mkazi wawo sanachiyembekezere kwa munthu wamanyazi ngati iwo. Anagwada pakhomo la chipinda chawo n'kudinda chikhatho pa simenti yaiwisi. Kenako anagwira dzanja la a Maness.

"Iyayi, bambo a Luckness, simenti imawotcha," anatero a Maness akuseka.

"Dindani basi. Anthu adzadziwe kuti tinali awiri."

Anadinda. Zikhatho ziwiri zija zinauma pamenepo, chachikulu ndi chaching'ono, ndipo a Maness ankazikolopa m'mawa uliwonse. Patapita zaka zitatu a Pitala anadwala sabata imodzi yokha n'kutsikira kuli chete.

Ku Liwonde kunali gulu la eni nyumba za lendi, ndipo a Pitala anali membala. Linkakumana Loweruka loyamba la mwezi pa shedi kuseri kwa resitihausi ina. Munali aphunzitsi opuma, ogulitsa nsomba, wapolisi wakale, anthu ngati makumi awiri, onse odziwa chilichonse. Ankalangizana kuti m'bale wako usamuike m'nyumba ya lendi, chipinda chilichonse chikhale ndi mita yakeyake ya magetsi, ndipo munthu wobwera kudzafuna nyumba katundu ali kale pa njinga umufunse kaye chimene wathawa kumene akuchokera. Malangizo ena anali abwino ndithu. Ena anali miseche yongovekedwa jekete.

Tcheyamani wa gululi anali a Walter, ejenti wa mapuloti, munthu womanga tayi ngakhale m'kutentha kwa Liwonde kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Sankasiyana ndi chikwama cha mapepala. Anali ndi mawu awo amene ankatsekera mkangano uliwonse: "Nkhani ya malo ndi pepala ndi chidindo, basi. Zina zonsezo ndi nkhani za pa mjigo." Pamaliro a a Pitala ndi iwo ananyamula bokosi kutsogolo, n'kulonjeza pamaso pa anthu kuti gulu silidzamusiya yekha mkazi wamasiyeyu. Pa lonjezo limeneli sananame, anamuyandikiradi.

Patatha miyezi inayi, a Maness anatuluka m'mawa ndi tsache n'kupeza chi-X chofiira pakhoma la kumapeto, chachitali kuposa munthu, penti ikuyenderera mpaka pansi. Ku Liwonde ngakhale mwana amadziwa tanthauzo la chilembo chimenechi: nyumba ili m'malo a msewu, igwetsedwa. Anthu a lendi anachiona nawonso. Sabata isanathe namwino wa chipinda chachiwiri anasamuka, wachitatu n'kuyamba kumanga katundu. A Maness anathamangira kwa tcheyamani.

A Walter anavula magalasi n'kuusa moyo. "Alamu, ndinazimva mphekesera zimenezi, koma ndinkaopa kukupwetekani mukadali pachisoni. Msewu akuukuza. Ndipo nyumba yopezeka m'malo a msewu, chipukuta misozi palibe."

"Nanga nditani ine, alamu?"

"Langizo langa ndi limodzi. Gulitsani msanga chigandakanda chogwetsa nyumba chisanafike. Mukachedwa mudzatola zidutswa za njerwa."

Wogula anapezeka m'masiku atatu, bambo wina wa ku Balaka dzina lake Lyford, amene anati akungofunapo malata ndi njerwa. Mtengo wake unalinso wa malata ndi njerwa. A Maness anasaina, chidindo chinagwa, ndipo anathokoza a Walter mogwada. Taganizani, mogwada! Tsiku lochoka anadutsa pa zikhatho zija atayang'ana kumbali.

Anasamukira ku Phalula kwa azakhali awo n'kuyamba kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu. Minibasi iliyonse yochokera ku Liwonde ankafunsa kondakitala ngati nyumba za pa mphambano zagwetsedwa. Yankho linali lomwelo, kuti sizinagwe. Chaka chitatha anakwera okha kukaona.

Mdadada unali chilili. Anaupaka penti yabuluu, zipinda zitatu zinasanduka mashopu, pakhonde ponse anayalapo matailosi. Pakhomo la chipinda cha kumapeto, chimene a Pitala anamwaliriramo, panali chikwangwani cha ofesi ya a Walter. Atafunsa wokazinga tchipisi pafupi, anawauza kuti a Lyford aja ndi mwamuna wa mchemwali wawo wa a Walter, ndipo nyumbayo sanagonemo n'kamodzi komwe, mwini wake weniweni ndi a Walter.

A Maness analowa m'shopu ya hadiweya tsidya la msewu kuti angokhala pansi. Mwini shopuyo anali a Shamim, mayi wa Chiyao amene ankawagulitsa misomali nthawi yomanga ija. Anawapatsa mpando ndi madzi.

"Achemwali, wallahi chinthu ichi chandilemera chaka chathunthu," anatero a Shamim motsitsa mawu. "Dzulo lake la tsiku la chi-X chija, che Walter anagula muno kachitini ka penti yofiira ndi bulashi. Ndinawafunsa, anati n'ja geti. Geti yawo mpaka lero ndi yakuda."

A Maness sanalire. Anamwa madzi aja mpaka kutha, n'kubweza kapu ndi manja awiri. Anthu anawalangiza zopita kukhothi, koma odziwa malamulo anati pepala lili bwinobwino, dzina analemba okha, palibe anawagwira dzanja, ndipo kugula penti si mlandu. Pamenepo m'pamene chidani chinakhazikika mwa iwo, chozizira, chosafulumira. Kutchalitchi sanasiye. Koma popemphera, akafika pa mawu okhululukira adani, ankangotsokomola.

Chimene ankafuna chinali chimodzi: nyumba ija ibwerere, ndi zikhatho zake. Ndipo a Walter aipereke okha ndi manja awo.

Njira inali yaitali. Ndi kandalama kotsala anagula kapuloti ku Phalula mu Seputembala, kotchipa mokayikitsa. Pofika Febuluwale achule anali akuimba m'chipinda chimene anamanga. Anaphunzira. Ulendo wachiwiri anatsala pang'ono kugula kwa bambo wina waulemu wake, koma mayi wina pa mjigo anawanong'oneza kuti bamboyo ndi mkamwini, munthu wongobwera kudzakwatira pamudzi, ndipo mundawo ndi wa mbumba ya mkazi wake. Anaphunziranso. Kuyambira pamenepo anagwira njira zawo ziwiri zija, ndipo sizinawagwetsepo.

Ankamanga chipinda chimodzi, cholowa cha lendi n'kuumbira njerwa za chinzake. Denga likadontha ankakwera okha pa makwerero, wa lendi asanadandaule. Munthu wofuna nyumba ankamuyang'ana mmene watsekera chitseko potuluka, ndipo womenyetsa ankamuuza mwaulemu kuti zipinda zadzaza. Zaka khumi zitatha anali ndi zipinda zisanu ndi chimodzi ku Phalula ndi zitatu ku Balaka, Luckness ataphunzira mpaka kukhala mphunzitsi.

Kenako Loweruka lina a Maness anatulukira pa shedi paja, atanyamula beseni la mtedza wophika. A Walter anadzidzimuka pang'ono, koma munthu wa tayi sachedwa kudzikonza.

"Alamu! Takulandirani. Zakale n'zakale, eti?"

"Zakale ndithu, a tcheyamani. Tengani mtedza."

Anakhala pa benchi yakumbuyo zaka ziwiri. Akafunsidwa ankalangiza, ndipo malangizo awo ankapherezera. Anauza mphunzitsi wina kuti puloti imene akuifuna ndi njira ya madzi, iye anamvera, mnzake amene anaigula analira. Anthu anayamba kuwaimbira foni asanagule malo. Munthu mmodzi yekha ndiye sankawamvera. A Maness anazindikira chifukwa chake, ndipo anachisunga mumtima ngati mbewu. A Walter moyo wawo wonse sanaperekepo langizo lopanda mbedza, choncho sankakhulupirira kuti langizo lotere liliko.

Ku Phalula kuli malo ena okwera m'mbali mwa msewu waukulu, pamene pali mlambe, ndipo madalaivala a mathiraki amakonda kuimapo. A Walter anawaona n'kulota loji ya zipinda makumi awiri. Malowo aliyense ankawatchula kuti pa Yoram. A Yoram anakhalapo zaka makumi atatu ndi ziwiri, mitengo ya mango anadzala okha, ndipo anali ndi kalata ya chidindo imene anaipeza nthawi imene amfumu ankadwala. Koma a Maness ankawadziwa a Yoram kuyambira ali anyamata. Kwawo kunali kwa Kawinga, mudzi woyandikana ndi wa a Maness. Ku Phalula anabwera ndi kachikwama kamodzi kudzakwatira a Lena. Nthaka inali ya mbumba ya a Lena, ndipo mwinimbumba, mchimwene wawo a Japhet, anali ku Joni chaka chachisanu ndi chinayi.

Pa msonkhano wa Okutobala a Walter anatambasula pulani ya loji patebulo, anthu n'kumaomba m'manja. A Maness anaimirira.

"A tcheyamani, ndiloleni ndiyankhule pamaso pa anthu onsewa. Malo amenewo musagule. A Yoram ndi mkamwini. Mitengo ndi yawo, koma nthaka si yawo. Mwini wake ali ku Joni, ndipo tsiku lina adzabwera."

A Walter anamwetulira, n'kutulutsa kalata ija m'chikwama, n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aone chidindo.

"Zikomo alamu. Koma ine ndimayendera ichi. Zinazo ndi nkhani za pa mjigo."

Anthu anaseka, a Maness n'kukhala pansi ngati munthu wochita manyazi. Madzulo ake analembanso mawu omwewo pa gulu la pa foni, kuti asadzasowe.

Lachiwiri lotsatira, tsiku limene pamsewu pamadzaza anthu, a Maness anaoneka pa Yoram ndi tepi yoyezera m'manja. Ankayenda kuchokera pa mlambe kukafika pa mango, n'kubwerera, n'kuima, n'kuwerenga ndi zala. Mayi Febuluwale kuyeza malo mu Okutobala! Ogulitsa tomato anasiya makasitomala n'kumaonerera. Sanayankhule ndi munthu, sanafunse mtengo, anangoyenda. Dzuwa lisanafike paliwombo nkhani inali itawoloka kale Shire.

A Walter anamenya tebulo mu ofesi mwawo. Ndiye kuti mayi uja ankawaopseza kuti agule yekha! Njira imeneyi ankaidziwa bwino, popeza anaiyambitsa ndi iwo. Lachisanu lisanafike anali atawalipira a Yoram, pepala litasainidwa, chidindo chitagwa. Palibe wa mbumba amene anaitanidwa. A Yoram anangouza mkazi wawo kuti bwana wa ku Liwonde wabwereka malo zaka zisanu kuti aziimikapo mathiraki.

Loji imadya ndalama ngati moto wa uvuni. Maziko atangotha, a Walter anaona kuti thumba lapepuka, ndipo a banki anati sangakongoze pa malo opanda lizi. Panatsala chinthu chimodzi chogulitsa msanga. Mu Januwale mawu anamveka kuti mdadada wa pa mphambano uli pa malonda.

A Maness anagulitsa zipinda zawo zonse zisanu ndi zinayi, thukuta la zaka khumi, m'masabata atatu. Luckness atamva anakwera minibasi kuchokera kusukulu kwake.

"Amayi, mutu ukuyenda bwino? Kugulitsa naini kuti mugule folo? Nanga akadziwa kuti ndinu n'kukana, mukhala ndi chiyani?"

"Akakana ndibwerera ku tomato. Ndinachokera komweko."

"Koma chifukwa chiyani, amayi?"

"Folo zimenezo zili ndi dzanja la abambo ako."

Mantha a Luckness anali oona, chifukwa a Walter akananunkhiza dzina la a Maness akanalolera kugulitsa kwa wina aliyense pa theka la mtengo. N'chifukwa chake ku ofesi kunapita a Shamim, atavala mpango wawo wa Lachisanu. A Maness anatsala kuseri kwa shopu ya hadiweya, atakhala pa thumba la laimu.

"Mukugulira ndani, mama?" anafunsa a Walter, akuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Che Walter, penti yanga ilibe pogona. Simukuona mmene shopu yapanikizira?"

A Walter anaseka, n'kupempha kuti ofesi yawo ikhalebe momwemo mpaka loji itatha. A Shamim anati zimenezo si zovuta. Anasainirana, chidindo chinagwa. Sabata yotsatira a Shamim ndi a Maness anasainirananso pepala lina mwakachetechete. Nyumba inabwerera, mwini ofesi osadziwa kanthu.

Munthu wamtima wabwino akanalekera pomwepa. A Maness sanalekere pomwepa, ndipo apa sindingawaikire kumbuyo. Tsiku lililonse ankakumana ndi a Lena pa mjigo, akudziwa kuti mayiyo wanamizidwa ndi mwamuna wake, koma anatseka pakamwa miyezi isanu ndi iwiri. Ankafuna kuti ndalama yonse ya nyumba ya a Pitala ilowe kaye m'makoma. Makoma anafika pa mawindo, anadikira. Mitengo ya denga inakwera, anadikirabe. Ankadutsa pamenepo m'mawa, n'kupereka moni kwa amisiri, mtima ukuwakoma ngati munthu woonerera chimanga chake chikukula.

Tsiku limene lata lomaliza linakhomedwa, anatenga ndowa.

"Achemwali," anatero akupopa, "mathiraki a masiku ano amagona m'zipinda za mawindo?"

A Lena anaima ndi ndowa m'manja. "Inenso zikundidabwitsa. Bambo akuti ndi mmene bwanayo wafunira."

"Kodi a Japhet akudziwa kuti munda wa amayi anu unagulitsidwa?"

"Kugulitsidwa? Iyayi, anabwereka!"

"Pepala ndinaliona ndi maso angawa. Nayi foni, muli mayunitsi. Aimbireni achimwene anu."

A Japhet anatsika basi pasanathe masabata awiri. M'mawa mwake amayi a mbumba oposa makumi atatu analowa pabwalo la loji ndi makasu n'kuyamba kuunga mizere kuyambira pakhomo lalikulu. A Walter anafika ndi chikwama chawo, n'kumaonetsa chidindo kwa aliyense, koma amayiwo ankangowapempha kuti asunthe mwendo, akuponda mzere. Nkhani inapita kwa amfumu, amene tsopano anali atachira, kenako kukhothi. Konseko funso linali limodzi: ndani wa mbumba anavomera? Panalibe. Ntchito inaimitsidwa, ndipo pomaliza malo anabwerera kwa eni ake. A Yoram anali atadya kale zawo, njinga yamoto ndi zina zosatchulika za ku Balaka. Ananyamula kachikwama n'kubwerera kwa Kawinga, banja la zaka makumi atatu n'kuthera pomwepo. A Lena okha ndi amene a Maness amawamvera chisoni, ndipo mpaka lero akakumana nawo amayamba ndi iwo kuyang'ana pansi.

Lolemba lina m'mawa a Walter anafika ku ofesi ataonda, tayi ili lende, n'kumva phokoso la hamala. Matailosi a pakhonde anali ataswedwa mulu. Pakhomo la ofesi yawo panagwada mayi ndi tchizulo m'manja, akugogoda pang'onopang'ono ngati akusenda dzira. Kukhoma la kumapeto mmisiri anali atapala penti yabuluu ndi ina ya pansi pake, ndipo chi-X chija chinali chitatulukira, chofiirabe, ndi mizere yake yoyenderera.

"Chikuchitika n'chiyani pano? A Shamim ali kuti?"

Mayi uja anatembenuka. Anali a Maness. Anauzira fumbi pansi, n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje. Zikhatho zinali pomwepo. Chachikulu chinali chathunthu, chaching'ono chitabenthuka chala chimodzi. Anaika dzanja lawo m'chikhatho chachikulucho, ndipo misozi imene anaikaniza zaka khumi ndi zitatu inatsika yokha. Anailola, a Walter akuonerera. Kenako anamina, n'kutulutsa pepala m'thumba la m'chiuno.

"A Shamim ali kushopu kwawo. Landilodi ndine. Onani chidindo."

A Walter anawerenga kawiri.

"Munandipusitsa, mayi inu."

"Ine? Ndinakuuzani zoona pamaso pa anthu makumi awiri. Ndinalembanso pa foni, zikadalipo. Ndi liti ndinakunamizani, alamu?"

"Nanga tepi ija?"

"Ndinkayenda. Kuyenda ndi tepi si mlandu, ngati mmene kugula penti si mlandu."

A Walter anayang'ana kukhoma, n'kuyang'ana kumsewu, kumene okazinga tchipisi ndi a kabaza anali atayamba kusonkhana. Akanatha kuchoka. Koma akanapita kuti? Loji inapita, dzina linali litaonongeka, ndipo makasitomala ochepa otsala ankadziwa khomo limeneli lokha. Munthu amene ankaphunzitsa anzake kuthamangitsa a lendi anapempha kuti asathamangitsidwe.

"Sindikuthamangitsani," anatero a Maness. "Munanyamula bokosi la bambo a Luckness. Lendi ikhala yomweyo, sindikweza. Koma tilemberana, poti inu mumakonda pepala."

Pepalalo anali atalikonza kale. Linkati khoma la kumapeto lisapakidwe penti, lisamatidwe chikwangwani, ndipo galimoto isaimikidwe moliphimba. A Walter anasaina, chidindo chinagwa. Atanyamula chikwama kuti alowe mu ofesi, a Maness anawagwira mwendo wa thalauza.

"Pamenepa musapondepo. Muzilumpha."

Ku msonkhano wa eni nyumba tsopano tcheyamani ndi mphunzitsi wopuma uja. A Maness amakhalabe pa benchi yakumbuyo ndi beseni la mtedza, ndipo malo amakaonabe mu Febuluwale. Amagona m'chipinda chachitatu, choyandikana ndi ofesi. Mlendo akafunsa ngati nyumbayi igwetsedwe, amamulozera chitseko cha kumapeto n'kunena kuti akafunse bambo ali mkatimo, ndi amene amadziwa za penti. M'mawa uliwonse amakolopa zikhatho zija, n'kukhala pakhonde ndi kapu ya tiyi kudikira hafu seveni. A Walter amafika, amapereka moni kwa alandilodi, amakumbatira chikwama pachifuwa, n'kulumpha.